Pisani dzanja pansi pa ndowa

Aliyense amene anagulapo kachewere pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano amadziwa kuti maso okha sagula malonda. Pamwamba pa ndowa amasanjapo zikuluzikulu zosalala, zoti ukangoziona mate dyokodyoko, koma mayi wodziwa msika sathamangira kumasula mfundo ya pachitenje. Amayamba wawerama n'kupisa dzanja mpaka pansi. Kumeneko n'kumene kumabisala tating'onoting'ono, zotemedwa ndi khasu ndi zoyamba kuwola. Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndi mmenenso ndimawaonera mawu awa oti demokalase. Ndakula, mano ayamba kutsanzikana nane, ndipo sindinamvepo wolamulira ngakhale mmodzi akuvomera kuti ulamuliro wake si wa anthu. Dziko la North Korea, kumene banja limodzi lalamulira kuyambira 1948, lili ndi mawu a demokalase m'dzina lake lenilenilo. Choncho dzina palokha si umboni. Mbendera, nyimbo ya fuko, nyumba ya malamulo yamakoma aatali, zonsezi ndi kachewere wa pamwamba. Funso langa, ana anga, ndi la pansi pa ndowa: kodi n'chiyani chimene chimachititsa kuti ulamuliro wa dziko uyenere kutchedwa wa anthu?

Achinyamata ambiri amayankha msanga kuti ndi kuvota. Yankho limeneli ndi la munthu amene sanaone zaka za chipani chimodzi. Ifetu tinkavota. Mu 1978, mu 1983, mu 1987 ndi mu 1992 kunachitika zisankho za aphungu, anthu n'kufola mizere padzuwa. Koma onse opikisanawo anali a Malawi Congress Party, chipani chokha chimene lamulo linkalola kuyambira 1966, ndipo mayina awo ankayamba avomerezedwa kumwamba. Mpando waukulu sunkakhudzidwa n'komwe, pakuti mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda analengezedwa kukhala pulezidenti wa muyaya. Tinkasankha mbale, koma ndiwo zinali zomwezo.

Pansi pa ndowa ya nthawi imeneyo panali khadi. Wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika, nthawi zina ngakhale m'basi. A Mboni za Yehova, amene chikhulupiriro chawo sichinkawalola kugula khadilo, analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anamenyedwa, kutenthedwa nyumba ndi kuchotsedwa ntchito, mpaka ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ena anakakhala m'misasa ya ku Mlangeni, kutsidya kwa malire athu omwewa. Ife amene tinali ndi makhadi athu m'thumba tinkayang'ana kumbali, tikumati si nkhani yathu. Tinaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo chinafikadi, osati kwa ang'onoang'ono okha. Sam Mpasu, mwana wa kuno ku Ntcheu, anamangidwa mu 1975 chifukwa cha buku limene analemba, n'kukhala ku Mikuyu zaka zoposa ziwiri osaonekera pamaso pa woweruza. Wina wa kuno komweku, Albert Muwalo Nqumayo, anali mlembi wamkulu wa chipani, munthu amene dzina lake linkatontholetsa bwalo lonse. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Koma mu 1976 naye anamangidwa, anazengedwa mlandu woukira boma m'khoti la mafumu mmene loya sankaloledwa kuimira munthu, ndipo mu 1977 ananyongedwa ku Zomba. Sindikunena izi kuti ndimuyeretse kapena kumudetsa. A kwawo akadalipo, ndipo amene anavutika m'manja mwake akadaliponso. Chimene ndikunena n'chakuti dzenje limene linkameza anthu wamba linameza ndi wolikumba yemwe, chifukwa panalibe lamulo loposa mawu a munthu mmodzi. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, ife n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Nkhani ngati zimenezi tinkazinong'ona tili kumunda, titayamba tacheuka uku ndi uku.

Muyeso wanga woyamba ndiwutenga pamenepa. Dziko ndi la anthu ngati munthu wamba angathe kuuza wamphamvu kuti ayi, masana dzuwa likuswa mtengo, n'kukagona m'nyumba mwake usiku womwewo, mawa n'kudzuka kupita kumunda. Akati ayi n'kusowa, kapena mwana wake n'kuchotsedwa sukulu, kapena dzina lake n'kufufutidwa pa mndandanda wa olandira chimanga, ndiye kuti zina zonse zija n'zokongoletsera. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo boma limene limamanga otsina khutu latsala ndi oomba m'manja okhaokha, amene sadzalichenjeza likamayandikira phompho.

Kukana si chinthu chachilendo kwa ife a ku Ntcheu. Inkosi Gomani Chikuse anaphedwa ndi asilikali a Angelezi mu 1896 chifukwa chosagonjera ulamuliro wawo. Mwana wake, Inkosi Philip Gomani, anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, n'kuuza anthu ake kuti asatsate malamulo a malimidwe a boma la atsamunda. Anamuchotsa pa ufumu ali wodwala kale, anathawira ku Mozambique pamodzi ndi m'busa Michael Scott, anabwezedwa, ndipo anamwalira mu 1954. Atsamunda aja kwawo ku London anali ndi nyumba ya malamulo ndi zisankho, koma kuno ankatilamulira osatifunsa. Demokalase yotsala padoko ikamatsika sitima, kwa ife inali dzina chabe.

Ena amati makolo athu anali nayo kale demokalase, pabwalo la mfumu. Pali choona chake pamenepo. Mfumu yabwino sinkagamula mlandu isanamve nduna ndi eni mbumba, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo mfumu youma mutu anthu ankaithawa n'kukamanga mudzi kwina, iyo n'kutsala ikulamulira mabwinja. Luso lomvetsera mpaka wotsiriza atalankhula tinali nalo, ndipo ndimadandaula ndikamamva aphungu pa wailesi akukuwizana ngati ali pa mowa wa masese. Koma tisadzinamize. Pabwalo lija mkamwini sankakweza mawu, kapolo analibe pakamwa, ndipo ufumu unkayenda m'magazi. Chatsopano chimene demokalase inabweretsa n'chakuti mayi wamasiye wa ku Kasinje ndi mwini magolosale wa pa Boma ali ndi voti imodziimodzi, yolemera chimodzimodzi.

Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Munalibe zachilendo m'kalatamo. Zonse tinkazidziwa kale: malipiro ochepa, anthu omangidwa popanda mlandu, mantha. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa mokweza, zitseko zili zotsekula. Patangopita mwezi, pa 6 April, Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe akudziwa bwino lomwe kuti amumanga, ndipo anamumangadi. Pa 14 June 1993 tinapatsidwa zizindikiro ziwiri, tambala wakuda ndi nyali. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, ndipo Ntcheu inapita ndi nyali pamene maboma ambiri a m'chigawo chapakati anatsalira kwa tambala. Ndimakumbukira nkhalamba zimene zinkanjenjemera manja polowa mokavotera, zikukhulupirira kuti pali diso lina limene likuona. Zitatuluka n'kuona kuti palibe wazigwira, zina zinakhala pansi pa mtengo osalankhula kanthu kwa nthawi yaitali.

Pa 17 May 1994 tinavotanso, ndipo Kamuzu anagonja kwa Bakili Muluzi. Pano ndiyenera kunena chilungamo: mkuluyo analankhula pa wailesi kuvomereza kugonja kwake. Munthu amene anatchedwa wamuyaya anatsika pampando chifukwa cha timapepala ta anthu osavala nsapato.

Uwu ndiye muyeso wanga wachiwiri, ndipo ndi umene ndimaulemekeza kwambiri. Kodi amene ali pampando angachotsedwe popanda kukhetsa mwazi? Ndipo akali pampandopo, kodi pali lamulo limene lingamuuze kuti apa usadutse, iye n'kuimadi? Mutu ukakula sulewa nkhonya, anatero makolo, ndipo m'dziko la anthu mtsogoleri amadziwa kuti nkhonya ya voti ikumudikira.

Pa muyeso umenewu Malawi sachita manyazi. Mu July 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a matemu a pulezidenti inagwa m'nyumba ya malamulo, itaperewera mavoti ochepa chabe, mipingo ndi anthu wamba atakana kwamtuwagalu. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April 2012, panali ena amene anafuna kulambalala malamulo, koma pa 7 April Joyce Banda analumbira monga mmene Konsitityushoni imanenera, ngakhale anali atachotsedwa kale m'chipani cholamula.

Koma chimene sindidzaiwala ndi cha 2020, chifukwa chinakhudza khomo lathu lenileni. Pa chisankho cha 21 May 2019, Peter Mutharika analengezedwa wopambana ndi mavoti osakwana 39 pa 100 alionse, womutsatira wake ali Everton Chimulirenji wa kuno ku Ntcheu. Mapepala ambiri a zotsatira anapezeka atafufutidwa ndi Tipp-Ex. Saulos Chilima wa ku Nsipe ndi Lazarus Chakwera sanatenge zikwanje. Anatenga maloya n'kupita kukhoti. Miyezi yambiri mlandu unkaulutsidwa pa wailesi, ukumasuliridwa m'Chichewa, ndipo m'misika, m'ma minibasi ndi m'madimba anthu amene sanapondepo m'khoti ankatsutsana za mafomu ndi masiginecha ngati anabadwira momwemo. Sukulu imeneyo inali yaikulu kuposa misonkhano yonse ya ndale imene ndinapitako.

Pa 3 February 2020 oweruza asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo, anafika kukhoti ku Lilongwe ataperekezedwa ndi asilikali, n'kuwerenga chigamulo chawo kuyambira m'mawa mpaka mdima. Anathetsa chisankho chija. Ananenanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, zimene lero ngakhale mwana amazitchula kuti 50+1. Tsiku lomwelo mwana mmodzi wa Ntcheu, Chimulirenji, anatsika pa mpando wa wachiwiri kwa pulezidenti, mwana wina wa Ntcheu, Chilima, n'kubwererapo, popanda mfuti kulira. Khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo pa 8 May, ndipo pa 23 June tinavotanso, Chakwera n'kupambana. Mu Africa muno, Kenya yokha ndiyo inali itathetsapo chisankho cha pulezidenti kukhoti, mu 2017. Paja mlandu suwola, koma umafuna bwalo limene woweruza wake saopa mwini mudzi.

Chilima tinamuika m'manda ku Nsipe mu June 2024, ndege imene anakwera itagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June. Mkwiyo umene unaoneka m'misewu ya Ntcheu masiku amenewo unali wa anthu ofuna mayankho, ndipo kufunsa mmene mtsogoleri wawo anafera ndi ufulu wawo, umene mu 1983 tinalibe. Pa 16 September 2025 ovota omwe aja anachotsa Chakwera n'kubwezera Mutharika, ndipo Chakwera anavomereza zotsatira zisanalengezedwe n'komwe. Werengani nokha: Kamuzu mu 1994, Joyce Banda mu 2014, Mutharika mu 2020, Chakwera mu 2025. Apulezidenti anayi okhala pampando anagonja pa voti n'kulongedza katundu. Mayiko ambiri otizungulira sanaonepo zotere ngakhale kamodzi.

Ndikanalekera pomwepa mukanati nkhalambayi yakhuta. Ayi, dzanja langa silinafike pansi.

Konsitityushoni yathu, mu gawo 12, imati mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a Malawi. Pamene inkalembedwa mu 1994 munali gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo akaleka kuwatumikira, osadikira zaka zisanu. Mu 1995 aphungu analichotsa gawolo. Mu 2001 anachotsanso Seneti, nyumba yachiwiri imene mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, isanakhalepo ndi tsiku limodzi. Makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi! Onani bwino zimene zinadulidwa: zonse ndi zingwe zimene munthu wa kumudzi akanagwira kuti akoke mtsogoleri wake. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo malamulo okhudza aphungu amapangidwa ndi aphungu omwewo.

N'chifukwa chake phungu amatha kusowa zaka zinayi, n'kutulukira chaka chachisanu ndi nsalu, ma T-sheti ndi timaenvulopu. Amene tinamutuma kukatilankhulira amakalankhula zokomera mwini chipani, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Msewu wa ku Tsangano, wopitirira mpaka ku Neno, walonjezedwa chisankho ndi chisankho, pamene alimi a kachewere ndi kabichi akhala akugulitsa motaya chifukwa dzinja likafika magalimoto amavutika kukwera. Anthu amenewo amavota mokhulupirika. Kodi mawu awo amafika kuti voti ikatha?

Koma chala chisaloze kumodzi. Ndinakhalapo pa maliro ena m'dera lathu chisankho chitayandikira. Anafika wofuna mpando wina, amene sindimutchula, ndi bokosi ndi thumba la ufa, ndipo mwambo wa maliro unasanduka msonkhano. Madzulo ake ndinamva abambo anzanga akuti, "Ameneyu ndiye munthu, amatithandiza." Palibe anafunsa kuti ndalamazo wazitenga kuti, kapena kuti akadzapambana adzazibweza bwanji. Ndinapwetekedwa mtima, koma sindinawadzudzule pagulu, chifukwa ndimadziwa kuti m'nyumba zawo munalibe ufa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero munthu wanjala, ndipo n'zovuta kumuuza za zaka zisanu pamene ana ake sanadye dzulo. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, koma lamulo lopanda wolitsata lili ngati msampha wosatchera. Njala ndi mdani wa demokalase woposa msilikali, chifukwa msilikali amakulanda voti ukulira, pamene njala imakugulitsitsa ukuthokoza.

Palinso matenda a "wakwathu". Timavotera munthu chifukwa amalankhula ngati ife, amavina ngoma ngati ife, kapena kwawo n'kufupi ndi kwathu. Ine ndine Mngoni ndipo sindichita nazo manyazi. Umhlangano ukafika mtima wanga umadzaza. Koma feteleza akakwera mtengo safunsa mfunda. Wakuba wa kwathu ndi wakuba basi, ndipo tikamuteteza chifukwa cha magazi, tapatsa a kwina chilolezo chotetezanso wawo.

Tisaiwalenso kuti ufulu wonena kuti ayi uja sunakhazikike mpaka kalekale. Pa 20 July 2011, pansi pa boma losankhidwa ndi mavoti ambirimbiri, anthu pafupifupi 20 anaphedwa pa zionetsero, ambiri a iwo ku Mzuzu. Kupambana chisankho sikupatsa munthu chilolezo choombera amene sanamuvotere. Ochepa nawonso ndi eni dziko, ndipo dziko limene ochuluka amapondereza ochepa langosintha dzina la wopondereza. Madzi saiwala khwawa; zizolowezi za chipani chimodzi zimabwerera mwakachetechete, kudzera mwa anyamata a zikwanje pa misonkhano, wailesi ya boma yotamanda mbali imodzi, ndi mafumu oitanidwa kukalankhula zimene sanazikambe ndi anthu awo.

Anzanga ena a msinkhu wanga amati bola kale. Amati nthawi ya Kamuzu ADMARC inkagula mbewu, mankhwala ankapezeka, mbava zinkaopa. Sindiwatsutsa pa zonse, pakuti zina ndinaziona ndi maso angawa. Koma walira mvula walira matope. Phokoso, mikangano ndi kuchedwa kwa zinthu ndi matope a mvula imene tinaipempha tokha mu 1993. Ndipo amene amati bola kale amanena zimenezo mokweza, pa wailesi, akutchula dzina lawo ndi mudzi wawo, kenako n'kukagona kwawo. Kale lija sakanayerekeza kunena kuti bola dzana.

Mukandifunsa tsono ngati Malawi ndi dziko la demokalase, ndiyankha kuti inde, ndipo ndinena mosanyinyirika, chifukwa ndinakhalamo m'dziko limene silinali lotero. Tili ndi mphamvu yochotsa pulezidenti, tili ndi makhoti amene anaonetsa kuti angathe kukana, tili ndi pakamwa. Koma demokalase yathu imadzuka tsiku limodzi pa zaka zisanu, masiku ena onse n'kumagona. Yakula ku Lilongwe, koma ku Kandeu, ku Bilila ndi ku Sharpevale ikadali yokwawa. Kumeneko munthu amaopabe kufunsa kuti ndalama za chitukuko za CDF zagwira ntchito yanji, poopa kutchedwa wamwano kapena wotsutsa.

Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo si la atolankhani okha, ndi lanunso. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, ndi ya dera, ADC, zimakhala pansi pa mitengo yathu yomweyi, osati kutsidya la nyanja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene akumva kupweteka kwa mlatho wosatha ndi chipatala chopanda mankhwala ndi ifeyo.

Inu adzukulu anga amene munabadwa nyali itayaka kale, ndikukupemphani chinthu chimodzi. Msonkhano wotsatira wa chitukuko ukaitanidwa kwanuko, musasiyire nkhalamba zokha. Pitani, khalani kutsogolo, ndipo khansala kapena phungu akamaliza kulankhula, imirirani mwaulemu, tchulani dzina lanu ndi mudzi wanu, n'kufunsa kuti ndalama zinabwera zingati, zinagula chiyani, ndipo mapepala ake ali kuti. Akakakuuzani kuti adzayankha tsiku lina, funsani kuti tsiku lake ndi liti, ndipo tsikulo likafika mudzapitenso.